Mavu ya a Sikelo

Kampani ina inapanga galimoto imodzi n'kuigulitsa pawiri. Thupi linali limodzimodzi: zitseko zinayi, nyali zozungulira, ndi buti loti munthu wamkulu akhoza kugonamo atapinda mawondo. Sinali yaikulu ngati za mabwana, komanso sinali kachitini ngati tigalimoto tamasiku ano timene timapindika tikangokhudzidwa ndi njinga. Yoyambayo inali ya aliyense: oyendetsa matakisi, akulu a sukulu, eni magolosale. Inkayenda mosafulumira, ikupendamira uku ndi uku pamakona, ndipo anthu anaitcha Bakha. Yachiwiriyo anaitsitsa pang'ono, n'kuiika masipuling'i olimba, makabureta awiri m'malo mwa imodzi, giya yapansi, mipando iwiri yogwira msana kutsogolo, ndi mizere iwiri yakuda kuchoka kumphuno mpaka kubuti. Ikafika pamtunda inkalira ngati yaputidwa. Imeneyo ndiyo inali Mavu. Mayina amene kampani inalemba ndi zilembo zonyezimira kumbuyo palibe ankawatchula.

A Sikelo dzina lawo analipeza kuntchito. Ankakonza masikelo a m'mabutchala, a m'zigayo, a ku positi, ngakhale akuluakulu aja oyezera matumba m'nyumba zosungiramo katundu. Kulikonse ankayenda ndi zitsulo zoyezera, zoti anthu awiri ankachita kuthandizana kunyamula, ndipo pamalo pamene akonza sikelo sankamwapo tiyi, kuopa kuti wina angadzanene kuti anawagula ndi shuga. Mavu anayamba kuiona pawindo la sitolo ya galimoto, yachikasu, itakwezedwa pathabwa. Zaka zingapo ankadutsa pamenepo masana akudya buledi wouma kuti tsiku lina adzalowe. Tsiku limene analowa, wogulitsa anawalozera Bakha.

"Pa ntchito yanuyo, bambo, yabwino ndi iyi."

"Ndakufunsa za ntchito yanga?" anatero a Sikelo.

Atafika nayo kunyumba, msewu wonse unatuluka. Mkazi wawo anaizungulira kamodzi n'kusuzumira mkati.

"Pakati apa palibe pokhala. Mwana azikhala pa giya?"

"Azikhala kumbuyo ngati ana a anthu ena."

Analiponso mlamu wawo, mlongo wamng'ono wa mkazi wawoyo, wometa tsitsi, munthu wosataya kanthu ngakhale lumo lothyoka. Anapempha kuti angogwirako chiwongolero. A Sikelo anamulola kugwira chitseko.

Zaka zimenezo zinali zabwino, ndipo amene amatsutsa sanazione. Kunja kwa tauni kunali mtunda wokhotakhota wopita kumene ankaswa miyala ya misewu. Bakha inkaukwera ndi giya yoyamba, ikutulutsa nthunzi. Mavu inkaukwera ndi yachitatu. Ya a Sikelo inali ndi kakhalidwe kakekake: akachotsa phazi pamoto inkatsokomola kawiri. Lamlungu masana ankanyamula banja n'kutsitsa mawindo onse, mkazi wawo akukalipa atagwira mpango kumutu, kamtsikana kawo kakuseka kumbuyo. Akafika pamwamba ankazimitsa injini n'kumamvetsera zitsulo zikuthetheka pozizira.

Koma wogulitsa uja sananame, ndipo a Sikelo sanamukhululukire chifukwa cha zimenezo. Zitsulo zoyezera zija zinathyola masipuling'i akumbuyo galimoto isanathe n'komwe kununkha utsopano. Makaniko anati masipuling'i a Mavu mpaka kuitanitsa kunja, pamene a Bakha anali pashelefu pomwepo. Anaika a Bakha, galimoto n'kukwera m'mwamba pang'ono. Mawa lake mlamu anabwera ndi wilibala.

"Alamu, izi mukutaya?"

"Tenga. Ukaike pa zinyalala zako zina."

Kenako anatsatira makabureta. Awiriwo ankafunika kupuma mofanana, koma fumbi la misewu ya kuzigayo linkawasiyanitsa pafupipafupi. M'tauni monse munali nkhalamba imodzi yokha yodziwa kuwagwirizanitsa, pomvetsera ndi kapaipi kukhutu. Itamwalira, ana ake anasandutsa galaja malo omwera mowa. A Sikelo anaika kabureta imodzi ya Bakha, amati kwa kanthawi chabe. Mkazi wawo atayamba kudwala msana, mipando ija inatuluka, n'kulowa benchi lofewa. Petulo wamphamvu amene injini ya Mavu inkafuna atasiya kugulitsidwa, injiniyo inayamba kugogoda mpaka inang'ambika pamwamba. Panapezeka ya takisi ina yochita ngozi, pamodzi ndi giyabokosi yake. Nthawi iliyonse panali chifukwa chomveka, ndipo nthawi iliyonse wilibala inkabwera.

Mlamuyo anali atagula chigoba cha Bakha chopanda matayala n'kuchikhazika panjerwa kuseri kwa malo ake ometera. Chinakhala kumeneko zaka ndi zaka chitafundidwa chinsalu. A Sikelo akabwera kudzameta ankafunsa ngati nkhuku zayamba kuikira mazira m'menemo. Kuseriko sanapondeko.

Nayo kampani inachita zake. Mtundu wachiwiri wa Mavu unabwera ndi nyali zamakona ndi mizere yochita kumata ngati pulasitala, yoti dzuwa likawomba inkamatuka. Wachitatu unali Bakha yeniyeni yongoveka dzina: injini yomweyo, masipuling'i omwewo, mtengo wokha ndiwo unakwera. Kenako anyamata ovala masuti, osagwirapo sipanala chibadwire, anakhala m'chipinda chozizira n'kugamula kuti anthu sakufunanso galimoto zotere. Sanafunse munthu aliyense. Sitolo ija ya windo lalikulu lero akugulitsamo mafoni. A Sikelo ankadana ndi mtundu wachitatuwo kuposa china chilichonse. "Bakha yopaka mizere," ankatero Loweruka lililonse m'mawa, uku akupukuta mizere ya galimoto yawo ndi nsalu yofewa.

Mkazi wawo anamwalira. Masikelo anasanduka amagetsi, ongotaya akawonongeka, ndipo matelefoni owaitana anasiya kulira. M'maso mwawo munayamba ng'ala. Anagunda geti la pakhomo pawo, kenako la aneba. Kamtsikana kaja, tsopano namwino wokhala ndi banja lakelake, anabwera n'kukhala pampando wa mayi ake.

"Bambo, makiyi."

"Geti lija analimanga molakwika."

"Onse awiri? Dokotala wanena, inenso ndikunena. Mukufuna mpaka mugunde mwana wa munthu?"

Anakangana mpaka tiyi anazizira, koma pomaliza anagwirizana chimodzi. Loweruka lotsatira kunali msonkhano wa okonda galimoto zakale, ndipo okonza msonkhanowo anali ataloledwa kutseka msewu wa kumiyala uja masana onse kuti Mavu zotsala zikwere motsatana. Msewu wopanda oyenda pansi, wopanda njinga. A Sikelo akwere nawo komaliza, akatero apereke makiyi. Pa eni Mavu onse, iwo okha ndi amene anaigula ili yatsopano. Enawo anali ana a dzulo, otola zakale chifukwa zayamba kutchuka.

Anafika molawirira atavala jekete limene ankapita nalo kumaukwati, mwana wawo ali pambali. Pabwalo galimoto anazigawa pawiri: Mavu pafupi ndi msewu, zina zonse paudzu, zongoonetsa. Pageti panali mayi wachitsikana wovala ovololo, ali ndi tochi, woyendera galimoto iliyonse. Anawapatsa moni mwaulemu, anayamikira penti, n'kupempha kuti atsegule boneti. Anayang'ana nthawi yaitali. Anagwada n'kuunika pansi. Anasuzumira mkati.

"Agogo, thupi ndi la Mavu ndithu, nambala yake ikuvomereza. Koma injini ndi ya Bakha."

"Injini inasinthidwa, inde."

"Kabureta ndi imodzi. Giyabokosi, masipuling'i, mipando, zonse ndi za Bakha. Pepani, cha Mavu chimene ndachipeza ndi chiwongolero."

"Galimoto iyi ndinaigula iwe usanabadwe."

"Sindikukana, agogo. Koma pamtunda paja ikatsekereza zinzake. Paudzu pali malo abwino, pamthunzi."

A Sikelo anaima atagwira boneti. Chilichonse chimene mayiyo anatchula ankachikumbukira, makaniko wake ndi chifukwa chake. Kungoti anali asanaziikepo zonse m'mbale imodzi n'kuona kumene muvi ukuloza. Anayendetsa pang'onopang'ono kupita paudzu n'kuima pakati pa Bakha ziwiri. Mwana wawo anawagwira paphewa, iwo n'kuchotsa dzanjalo.

Injini zinkalira mbali zonse, koma patapita kanthawi galimoto ina inatulukira kumsewu, ndipo itafika pageti inatsokomola kawiri. A Sikelo anatembenuka. Maso awo anangoona chinthu chamawangamawanga: chitseko china chobiriwira, china chotuwa, boneti lopanda penti, mzere ngakhale umodzi ayi. Munatuluka mlamu wawo, akupukuta manja pathalauza.

Mayi wa tochi uja anatsegula boneti n'kuitana anzake. Anazungulira, anagwada, anatsutsana. Nambala inali ya Bakha, koma zamkati zonse zinali za Mavu ya mtundu woyamba: injini yowotcherera pamene inang'ambika, makabureta awiri otsukidwa mbee, masipuling'i osulidwanso. Anagamula kuti ikwere, koma pambuyo pa zinzake zonse.

A Sikelo anadutsa pakati pa anthuwo osapepesa.

"Iwe wometa, injini iyi ndi yanga."

"Inali yanu, alamu. Munati ndikaike pa zinyalala. Zinyalala zake ndi zimenezi."

"Mipandonso ndi yanga."

"Achemwali anaikana. Ine msana wanga ulibe vuto."

"Ndiye kuti zaka zonsezi wakhala ukundibera galimoto chidutswachidutswa, uku ukundimeta ukumwetulira."

"Ndinkabwera ndi wilibala dzuwa likuswa mtengo, aneba akuona. Kuseri kuja sindinkakuitanani? Munkati inu simulowa m'khola la nkhuku."

Anthu anayamba kuunjikana, ena atakweza mafoni monga amachitira masiku ano akaona nkhalamba zikukangana. Galimoto zakutsogolo zinayamba kunyamuka imodziimodzi. Mlamuyo anatulutsa makiyi omangidwa pa chingwe cha nsapato n'kutambasula dzanja.

"Ine pamtunda ndimachita mantha. Ndiyendetsereni."

Linali bodza, ndipo onse awiri ankadziwa. A Sikelo anayang'ana kuudzu, kumene galimoto yawo yachikasu inkawala kuposa zonse, alendo akuijambula. Anayang'ananso chinthu chimene anachinyoza theka la moyo wawo. Kulowa m'menemo anthu akuona kunali kuvomera. Kukana kunali kuti ulendo wawo womaliza pachiwongolero ukhale wochoka pageti kukafika paudzu.

"Usandiuze zochita," anatero, n'kutsomphola makiyiwo.

Mpando unawagwira msana pamalo pomwe paja. Dzanja linapeza giya lokha. Mwana wawo anatsegula chitseko chakumbuyo n'kulowa osafunsa.

"Amalume, inu mukhale maso awo."

Ananyamuka omalizira. Mlamuyo ankanena kuti kukubwera kona yakumanzere, khalani pakati, apa pali dzenje, ndipo a Sikelo ankayankha kuti msewuwu anaudziwa iye asanaphunzire kugwira chipeso. Pamene mtunda unayamba kuimirira, anaika giya yachitatu n'kupondereza phazi. Galimoto inakhala kaye ngati ikuganiza, kenako inakwiya. Phokoso linadzaza mkati monse, mphepo inalowa pawindo losatsekeka bwino, mitengo ya m'mbali inasanduka chifunga chobiriwira. Mwana wawo anakumbatira mpando wa amalume ake, milomo ikuyenda popanda mawu. Chapakati anapeza Mavu ina yonyezimira ikukwawa ndi giya yachiwiri, mwini wake akuopa kuipweteka. A Sikelo anaiimbira hutala mpaka inapatuka.

Pamwamba anazimitsa injini. Anakhala nthawi ndithu manja ali pachiwongolero, ndipo enawo sanawafulumize. Kenako anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa makiyi a galimoto yachikasu ija, n'kuwapereka kumbuyo osatembenuka.

"Ukaiyendetse ndiwe. Usaikhudzitse pageti."

Anatuluka, anazungulira kutsogolo akugwira boneti lotentha ndi nsonga za zala, n'kugogoda pawindo la mlamu wawo.

"Suntha. Kutsika ndi ntchito ya ometa."

Chiwongolero sanachigwirenso. Mlandu wa mwini galimoto sunathe: a Sikelo amati injini anangomubwereka wometayo, wometa amati thupi anangowabwereka a Sikelo. Lamlungu masana mlamuyo amaimba hutala pageti, iwo n'kutuluka atavala kale jekete, akudandaula kuti wachedwa. Amakhala kumpando wa mlendo, maso atatseka chifukwa kuwala kumawapweteka, mutu utapendekera kuinjini.

"Wafulumira kusintha giya."

"Yendetsani ndinu, alamu."

"Ndati wafulumira. Isiye imalize kulankhula."