Batire la Pabalaza

Lole yanga imalira ndi mabatire awiri. Ndi imene inkatidyetsa zaka zimenezo: chimanga ndi nandolo kuchoka ku Utale kubwera ku Balaka, pena njerwa. Batire limodzi litafa ndinagula lina. Makaniko wanga, mkulu wosakonda zolankhulalankhula, anagogoda lakale lotsalalo ndi sipanala.

"Ilinso latopa, achimwene. Awa amasinthidwa pamodzi. Lakale limayamwa latsopano."

"Lafa kodi?"

"Iyayi, silinafe."

"Ndiye nditaye chinthu chamoyo?"

Ine makani ndinabadwa nawo. Ndinakangana naye mpaka anangoti chabwino, lole ndi yanu. Koma kunyumba mayi a ana anga sanandipatse mpata. Anati galimoto yonyamula katundu wa anthu siyendera mwayi. Anagulitsa mbuzi yawo imodzi, ine ndinaonjezera, batire lachiwiri linagulidwa.

Manyazi anga akuyambira pamenepa. Tsiku limene ndinafika nalo, batire la sola pakhomo linali litatheratu, ndipo inali nyengo ya mpira. Latsopanolo ndinaliika pabalaza, n'kulumikiza kanema. Ndinati sabata imodzi yokha. Lole inkalirabe, ngakhale m'mawa inkayamba yadandaula kaye. Sabata ija inasanduka miyezi inayi. Mayiwo anandikumbutsa kawiri, kachitatu ndinawakalipira, ndipo anasiya.

Kenako apongozi anga aamuna anamwalira m'chipatala ku Liwonde, m'mamawa. Kwawo kwa mkazi wanga ndi cha ku Nayuchi, ndipo ndi Asilamu. Kwa iwo maliro sagonetsa. Munthu akamwalira m'mawa, dzuwa lizilowa ali m'manda. Malemuwo anali munthu wa mzikiti, ankanena yekha kuti asadzamuchedwetse. Alamu anga aakulu ataimba foni, ndinayankha mwa matama kuti za galimoto asavutike, mkamwini alipo. Za batire ndinazikumbuka, sindinama. Koma tinali pachangu, ndipo ndinadziuza kuti injini sindiizimitsa panjira.

Tinanyamula thupi cha m'ma leveni. Amayi anakhala kumbuyo mozungulira malemu, mkazi wanga ali chakumutu, abambo ataima m'mbali. Pa Ntaja tinaima kuti agule sanda, nsalu yoyera yokulungira thupi, injini ikulira. Titalowa msewu wafumbi ndinayamba kudziona ngati dolo.

Pa mchenga wina, pokwera kuchoka m'kakhwawa, ndinachedwa kusintha giya. Lole inagwedezeka n'kuzima. Ndinapotoza kiyi. Tche. Ndinapotozanso. Tche, basi.

Abambo anatsika n'kuyamba kukankha. Lole pa mchenga sikankhika, imangotitimira. Anakankha achikulire ovala mikanjo yoyera, thukuta lili kamukamu, mtembo wa m'bale wawo uli pamwamba. Amayi anafunyulula zitenje n'kutchingira malemu dzuwa. Palibe amene anandinyoza, ndipo bola akanandinyoza.

Alamu aja anabwera pamene ndinagwada ndikupala mitu ya mabatire ndi mpeni, ngati kuti vuto linali dzimbiri.

"Chavuta n'chiyani, alamu?"

"Katundu wa masiku ano ndi wachinyengo," ndinatero mokweza. "Onse awiriwa ndagula chaka chomwechino."

Nditadzutsa mutu ndinaona mkazi wanga akundiyang'ana kuchokera pamwamba pa lole.

Magalimoto ang'onoang'ono awiri anadutsa, koma batire lawo silingadzutse lole. Kumudzi ankaimba foni kuti manda atha kale, ashehe akudikira. Dzuwa litapendeka kwambiri kunatulukira lole ya nsomba yochokera ku Chiuta. Dalaivala wake anamasula batire lake, tinaliza yanga, n'kumubwezera. Anayang'ana langa lakale lija, lotupa m'mbali, anandiyang'ana ine, n'kukwera lole yake.

Tinafika dzuwa litalowa. Ashehe ndi akuluakulu anakhala upo pang'ono, n'kugamula kuti kwada, aikidwa mawa. Apongozi anga anagona kunja kwa manda usiku umene sanaufune. Anawaika m'mawa mwake.

Mwa mwambo wathu, ine ndi apongozi aakazi sitiyang'anizana polankhula. Mawu amadzera mwa wina. Anthu atabwerako kumanda ndinakhala ndekha pamthunzi wa lole. Ndinaona mkazi wanga akutuluka m'nyumba ya mayi ake atanyamula tambala womanga miyendo. Anagwada patali pang'ono, monga amachitira pa anthu, maso ali pansi.

"Amayi andituma. Akuti zikomo kwambiri, bambo. Akuti mwavutika ndi dzuwa, mwaononga galimoto yanu chifukwa cha ife. Akuti si akamwini onse angachite zimenezi."

Mawuwo anawanena onse, osasiyako ngakhale limodzi. Kenako anatambasula manja. Pakhonde apongozi ndi alamu anga ankationerera. Ndinamulandira tambalayo ndi manja awiri.