Shopu ya a Lawford ku Tete

Ku Area 11, kuseri kwa nyumba ya mayi Lisa Mvula amene amagwira ntchito kubanki ku City Centre, kuli kachipinda ka zenera limodzi. Mmenemo mumakhala a Lawford Chimkwita, osamalira maluwa ndi kapinga pakhomopo. Ali ndi zaka 58, ndipo alonda a mumsewumo amangowatchula kuti bambo osalankhula aja.

Kale a Lawford anali mmisiri wa masofa ku Old Town, cha ku Malangalanga. Mu 2011 madalaivala a mathiraki anawauza kuti ku Tete kwadzaza anthu a m'migodi ya malasha ofuna mipando. A Lawford anakweza makina awo osokera pathiraki, n'kusiya akazi awo a Esnati kumudzi ku Nathenje. Anati adzawatenga zinthu zikakhazikika.

Atafika anapeza kuti chidindo chomwe anawadindira m'pasipoti pachipata cha Dedza chinali cha mlendo wodzacheza, osati wochita malonda. Kuofesi yolembetsa mabizinesi anawapatsa mapepala a Chipwitikizi, n'kuwauza kuti abweretse kaye chilolezo chokhalira m'dzikomo. Kopereka chilolezocho nako ankafuna kuona bizinesi yolembetsa kale. Anayenda pakati pa maofesi awiriwo miyezi inayi, makina ali m'katoni.

Amene anawatola ndi a Cornelius, kalipentala wa ku Ulongwe, wolankhula Chichewa ngati munthu wa pa Mitundu. Anagwirizana kuti shopu ilembedwe m'dzina la a Cornelius poti iwo anali nzika. Sanalemberane kalikonse, anangogwirana chanza. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri a Cornelius ankakhoma mafelemu, a Lawford n'kumasoka. Masiku a chidindo akatsala pang'ono kutha, a Lawford ankakwera basi mpaka ku Dedza, kudinditsa, n'kubwerera mawa lake. Ku Nathenje sankafikako kawirikawiri, ndipo a Esnati atatopa n'kudikira anakwatiwa kwina.

A Cornelius anamwalira mwadzidzidzi mu 2018. Patatha sabata ziwiri azichimwene awo anabwera ndi loko watsopano. Sanali anthu ankhanza, anangoonetsa pepala lolembetsera shopu lija. A Lawford anapita nalo kuofesi, ndipo mayi wa pakauntala anawerenga mpaka pansi, n'kutembenuzanso kuseri.

"Nanga dzina lanu lili pati, bambo?"

Silinalipo. Ngakhale makina aja anali atalembedwa ngati katundu wa shopu. A Lawford anabwerera ku Lilongwe ndi chikwama cha zovala ndi sizasi imodzi. Pamalo pawo pakale ku Malangalanga anapeza wina akugulitsapo matayala. Ntchito ya maluwayi anawapezera ndi munthu wa kutchalitchi.

Chaka chatha mchimwene wa mayi Lisa, a Clifton, anakhala pakhonde Loweruka lina akufotokoza zoti akufuna kukatsegula sitolo ya zida zomangira ku Tete komweko. Ankati ali ndi mnzawo wa kumeneko woti alembetse m'dzina lake kuti zifulumire. A Lawford, amene ankathirira maluwa chapafupi, anatseka mpopi.

"Pepani bwana, ndalowerera. Ngakhale zichedwe chaka, dzina lanu likhalepo papepalapo."

A Clifton anawayang'ana modabwa, anathokoza, n'kunena kuti loya wawo aziona zimenezo. Kenaka anapitiriza kucheza ndi mlongo wawo m'Chingerezi. Palibe anafunsa kuti wosamalira maluwa wazidziwa bwanji za ku Tete.

Lamlungu akaweruka kutchalitchi, a Lawford amakwera minibasi kupita ku Old Town. Amagula sopo ndi mchere, n'kukaima pang'ono pamene amakwezera katundu mathiraki a ku Mozambique, kumvetsera madalaivala akukangana m'Chipwitikizi. Pofika 4 koloko amakhala atabwerera, chifukwa mayi Lisa amafuna kuti geti lisakhale lopanda munthu.