Tisheti ya Munthu Woyasama

Tisheti ija ndinaigula pa kaunjika ku Khombedza, osati chifukwa inali yokongola ayi. Nsalu yake inali yolimba, ndipo ndinkafuna chovala chosesera ndi kuchapira. Nditafika kunyumba n'kuitambasula, m'pamene ndinaonetsetsa chimene ndanyamula: munthu wamutu ngati chipanda, wopanda tsitsi, ataima pa mlatho, manja ali m'masaya, kukamwa kuli yasa. Kumwamba kuli psuu, madzi ndi mapiri zonse zopindikapindika.

Mphunzitsi mnzanga wina pasukulu imene boma linanditumiza, uja wodziwa zonse, anandionetsa pafoni kuti chimenechi ndi chithunzi chotchuka, chojambulidwa ndi penti kalekale ku Ulaya, ndipo anthu amaima pamzere kuti achione. Ndinamuuza kuti kumeneko anthu ali ndi nthawi yotaya. Nkhope yotereyi ine ndimaiona ulere m'minibasi, kondakitala akamalowetsa munthu wachisanu pampando wa atatu. Ana a aneba ankangoti ndavala mzukwa, ine n'kumawathamangitsa ndi tsache.

Chaka chomwecho mng'ono wanga, amene anakwatiwa ndi mlimi wa mpunga ku Chinguluwe, anabereka mwana wake woyamba, koma mwanayo anabadwa atafa kale. Kwathu mwana wotero timati mtayo. Sachitiridwa maliro. Amayi akuluakulu amakamuika okha mwakachetechete, popanda bokosi, popanda nyimbo, ndipo mayi wake amamuuza kuti asalire, chifukwa akalira sadzaberekanso. Amayi amenewa sindiwada. Ambiri a iwo anadutsa njira yomweyo, ndipo amanena zimenezi pofuna kumuteteza. Komabe mtima unandiwawa, ndipo mpaka lero ndikakumbukira umandiwawa.

Mwamuna wake anabwera naye kwanga kuti adzapitidweko mphepo. Anali munthu wabwino, kungoti nzeru zinamuthera. Mng'ono wanga ankadzuka m'mamawa, kusesa, kutunga madzi, kutsuka mbale zimene ndatsuka kale. Ukamufunsa ankati, “Ndili bwino, achemwali.” Koma chakudya ankangochitosa, chitenje chinayamba kumuzungulira kawiri, ndipo maso ake anali ouma gwa. Ndinkaopa kuti tataya mwana, titayanso mayi. Ine ndine mphunzitsi, ndimapemphera, pakamwa panga sipatsekeka, koma kumuuza kuti “lira” ndinalephera. Nanga akadzapanda kuberekadi, ndidzayang'ana kuti?

Tsiku lina masana mng'ono wanga ankaanula zovala pachingwe. Atafika pa tisheti ija anaima nayo nthawi yaitali.

“Isiye imeneyo, ingakulotetse zoipa,” ndinatero.

“Achemwali, awiri awa ndi ndani?”

Ndinapita kukaona. Tisheti ndaivala miyezi yonseyi, koma sindinaonepo kuti kumbuyo kwa woyasama uja, chakumapeto kwa mlatho, kuli anthu awiri akuyenda.

“Ongodutsa,” ndinayankha.

“Sakumumva eti?”

“Iwe, chithunzi chimamveka?”

“Ngakhale akanaima pambali pake sakanamumva. Uyu sakukuwa ayi. Wangotsegula pakamwa, mawu akukana kutuluka. Manjawa wagwira mutu kuti usang'ambike.”

Anaipinda bwinobwino ngati chovala chakutchalitchi, n'kukaiika pamwamba pa zinzake.

Kuchokera tsiku limenelo sindinasekenso chithunzicho. Amene anajambula sindimudziwa, koma ndikhulupirira kuti anadziwa kulira kosaloledwa kutuluka. Kulira kukasowa khomo pakamwa kumatulukira m'maso, ndiye munthu akayang'ana kumwamba amaona magazi, akayang'ana madzi amaona akupindika. Chinthu chowongoka m'chithunzi chonsecho ndi mlatho ndi anthu awiri aja. Iwowo si oipa. Akupita kwawo, mwina akukambirana za mvula. Ndi ifeyo, abale ndi aneba, amene timafunsa kuti “wadzuka bwanji” n'kulandira yankho.

Loweruka lotsatira tinapita kuchigayo. Ndinamutenga kuti angotuluka m'nyumba basi. Chigayo chake chinali cha dizilo, chija chophokosera moti ukafuna kulankhula ndi mnzako umachita kumukodola. Amayi anali ambiri, mabeseni ali pamzere, fumbi la ufa lili m'nsidze mwa aliyense. Pafupi nafe panakhala mtsikana wina akuyamwitsa khanda, kaphazi kake kakutuluka m'chitenje.

Itafika nthawi yathu, ndinathira chimanga, ndipo mng'ono wanga anagwada kuti agwire thumba pamene ufa umatulukira. Injini italira mwamphamvu, ndinaona mapewa ake akugwedezeka. Ndinawerama. Pakamwa pake panali potsegula, mitsempha ya m'khosi itaima, misozi ikulemba mizere pa ufa umene unali m'masaya mwake. Ankalira ndi mphamvu zake zonse, ndipo palibe ankamva kanthu.

Ndinachita mantha. Kumbuyo kwathu kunali mayi wina wachikulire, wa msinkhu wa amayi aja amene amaletsa, ndipo ndinali nditakonzeka kale kulimbana naye. Anayang'ana mng'ono wanga, anayang'ana mabere ake amene anali atanyowetsa bulauzi, ndipo anadziwa. Sanafunse. Anasendera, namasula chitenje chake chapamwamba, nachitambasula ngati akukutumula fumbi, n'kuima pakati pa mng'ono wanga ndi anthu.

Chimanga chathu chinatha. Wachigayo anatambasula dzanja kuti achepetse injini. Mayi uja anamugwira mkono, n'kumukuwira kukhutu, ine ndikumva:

“Ufa uwu sunasalale, bambo. Bwerezani.”

“Ndi wosalala uwu, mayi!”

“Ndati bwerezani. Mukatha muthire changa, musazimitse.”

Ufa wosalala kale unabwereranso m'chigayo. Ine ndinagwada n'kugwira thumba, mng'ono wanga atatsamira paphewa panga, mpaka analira kokwana.

Pobwerera tinayenda mabeseni ali pamutu. Titadutsa msika anandipempha kuti timugulire chinangwa chophika, ndipo anadya chonse ali chiimire. Atapukuta manja pachitenje anandiyang'ana.

“Achemwali, ndinamuona pang'ono asanamukulunge,” anatero. “Anali wamkazi. Anali ndi tsitsi lambiri.”