Nyemba za Alamu Anga Zapita ndi Madzi

Lachiwiri lapitali ndinapita ku Vubwi kukaona alamu anga, a Tembo, amene amalima m'mbali mwa phiri. Ndinawapeza ali chiimire m'munda, khasu lili pansi. Mvula ya dzulo lake inali itang'amba chigwembe pakati pa munda, chofika m'mawondo. Nyemba zimene anabzala masabata awiri apitawo zinali zitakokolokera kudambo, pamodzi ndi dothi lake.

"Taonani alamu," anatero. "Ndinagalauza bwinobwino ndi ng'ombe, mapesi ndinatentha onse, munda unayera. Ndalakwa pati?"

Maso anga anali pamunda wa kumtunda, wa mayi wina wamasiye, Anabanda, umene anthu amauseka kuti ndi wa mlesi. Mayiwa sagalauza, satentha. Mapesi amawagoneka chopingasa phiri, n'kukumba timaenje, n'kuponyamo nyemba ndi khobwe, nandolo m'malire. Mvula yomweyo inagwanso pamenepo, koma mbewu zawo zinali gwa!

Ndinakwera kukawafunsa.

"Ng'ombe ine ndilibe, bambo," anandiyankha. "Ndinangoona kuti pamene pagona mapesi, madzi amafika n'kukhala pansi. Pamene payera, amathamanga."

Abale anga, mawu amenewa andisowetsa mtendere sabata yonse.

Chilandirireni ufulu, tonse takhamukira ku chimanga cha haibulidi ndi feteleza. Nyemba ndi nandolo tikuti ndi timbewu ta azimayi. Minda ikukwera mapiri chaka ndi chaka, mitengo ikugwa, ndipo Okutobala akafika timayatsa moto chifukwa cha mbewa. Yendani kuchokera ku Katete kukafika ku Sinda, muone miyala imene yatulukira pamene makolo athu ankakolola khobwe.

Nanga feteleza akachedwa, monga wachitira chaka chino, tidalira chiyani? Ndipo atafika, timuthira pati ngati dothi lapita? Madzi akatayika saoleka. Dothi nalonso n'chimodzimodzi.

Lachitatu lake alamu anga anameza manyazi, n'kupita kukapempha mbewu kwa Anabanda. Anawapatsa kambale kamodzi ka nyemba.

"Koma mukazifunditse," anawauza.

Azifunditsa chiyani, mapesi anatentha? Ndinawasiya akumweta udzu ndi chikwakwa, mitambo ikudanso kumbali ya ku Mozambiki.

Inu amene mukuwerenga muli mumthunzi, munda wanu mwausiya wofunda kapena wamaliseche?