Mankhwala a Thonje M'dziwe Lathu

Okutobala akafika, Luangwa imaphwa n'kusiya maiwe m'mbali. Kwathu ku Nyalugwe tinapangana kuti dziwe lalikulu lisakhudzidwe, chifukwa ndimo nsomba zimabisala kudikila mvula kuti ziswane. Ine anandiika m'komiti yolondela dziwelo, osati chifukwa cha nzelu, koma pakamwa panga sipapuma.

Tsiku lina m'mawa ndinatsikilako kukachapa. Ndisanaone n'komwe madzi, ndinamva fungo la mankhwala opopela thonje. Dziwe lonse linali mbuu, nsomba zitagadama, zazikulu ndi tiana tosakwana chala. Achule ndi nkhanu nazo zinali zitafa. Ndinangogwila pakamwa, beseni lili pamutu.

Azimayi anali kale m'madzi kutola nsombazo. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa.

"Amai, mukukalipila ise?" anatelo mmodzi. "Kafunseni alongo anu. Ni iwo anathila mankhwala dzulo."

Sindinakhulupilile. Mlongo wanga wamkulu, amene anandilela makolo atamwalila! Ndinathamangila kwawo. Ndinawapeza akuyanika nsomba pathandala, akuimba mluzu, kamwana kawo kotsiliza kakudya mlamba wootcha. Ndinakalanda mbale n'kuitaya kutali. Kanalila koopsa.

"Wapenga?" iwo anandifunsa. "Atate sanali kuthila katupe? Nsomba zinali kuledzela chabe, zina n'kutsitsimuka. Uyu ni katupe wa m'botolo, kulibe kusiyana."

Sanali kunama dala, ndipo ndicho chinandiopsa kwambili. Munthu wa imvi, amene amamanga nsalu pamphuno popopela munda wake, ankakhulupililadi kuti madzi amasukuluza chilichonse.

Masana komiti inakhala pansi pa mtengo wa muwuyu. Aliyense ankadziwa, koma atcheyamani atafunsa kuti wachita ndani, onse anayamba kuyang'ana zala za kumapazi. Ndinadziwa kuti ndikakhala chete, chaka chamawa wina adzathilanso, pakuti mlongo wa wa m'komiti anathila osachitidwa kanthu. Ndinaimilila n'kuwatchula.

Alongo angawo anakagona m'ndende ku Nyimba milungu ingapo. Atabwela sanandinyoze, sanakwezenso mawu. Tinakumana panjila ya kuchigayo, anatsika njinga, anagwila chipewa monga amachitila ndi alendo.

"Muli bwanji amai a komiti?" anatelo.

Mpaka lelo amandipatsa moni umenewo.