Mawu a Amuna Anga Anapita ndi PDF Imodzi

Ndivomere poyamba kuti mawu a malemu amuna anga ndinawataya ndekha, ndi chala changa chomwechi. Inu owerenga, ndikulemba izi kuti zanga zisakuonekereni.

Amuna anga anali mphunzitsi kuno ku Pembamoyo, komanso ndiwo ankatsogolera kwaya kutchalitchi kwathu. Nyimbo iliyonse yatsopano ankayamba aijambula pa laputopu yawo, akuyimba okha, kuti a kwaya adzamvere. Pomwe ankamwalira, mwana wathu womaliza, Takondwa, anali asanayambe kuyenda. Ndinalonjeza mumtima kuti nyimbozo ndimusungira mpaka akule, adzamve yekha mmene atate ake ankayimbira.

Ine chinthu cha malemu sindisuntha. Njinga yawo ikadali pomwe anaitsamiritsa, moti achemwali anga amandiseka kuti ndikudikira iphuke masamba. Laputopunso ndinaisiya mmene anaisiyira. Pulogalamu yotsegulira makalata a PDF inkapempha apudeti kawirikawiri, ine n'kumangodina kuti tsiku lina. Ndinkaona ngati ndikalola, ndifufuta dzanja lawo.

Chaka chatha anandisankha kukhala mlembi wa kopaletivu yathu. Nyengo ya fetereza itayandikira, pa imelo panabwera PDF yoti ndi mndandanda wa alimi amene mayina awo atuluka. Wotumizayo sindinkamudziwa, koma amayi anzanga anali atadzaza pakhonde kudikira mayina awo, ndiye ndinangoitsegula pa laputopu ya malemu ija. Munali tsamba loyera mbee. Tinaseka kuti wolembayo inki inamuthera, n'kubalalika.

Lamulungu lake ndinafuna kumva nyimbo ya Mariya imene amuna anga ankaikonda. Sinatseguke. Nyimbo zina zonse, ndi zithunzi zomwe, chimodzimodzi. M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita ku boma, kwa mayi wina wokonza makompyuta pafupi ndi msika. Anandifotokozera kuti pulogalamu ikakalamba imakhala ndi ziboo ngati nkhokwe yosamata, ndipo akuba amabisa vayirasi m'kalata yooneka yabwinobwino. Ukangoitsegula, vayirasiyo imalowera pachiboo n'kutseka mafayilo onse. Apudeti imene ndinkaikana ija inkabwera kudzamata ziboozo. Anandifunsa ngati ndinakopera nyimbozo pa fulashi. Ndinangozyolika.

"Pepani amayi," anatero, "madzi akatayika saoleka."

Ndimawasowa amuna anga, sindibisa. A kwaya nyimbozo amayimbabe, koma ine ndimalakalaka kakutsokomola kaja ankayamba nako asanakweze nyimbo, ndi kuseka kwawo akaphonya mzere. Zimenezo zinali mu laputopu mokhamo.

Tsono inu owerenga, pulogalamu yowerengera makalata ikapempha apudeti, pa foni kapena pa kompyuta, musaumire mabandulo, iloleni tsiku lomwelo. Kalata yochokera kwa munthu wosamudziwa musatsegule, ngakhale pakhonde padzaze bwanji. Ikaoneka ngati ya ku ofesi, yambani mwaimba foni kufunsa. Ndipo chimene simungachipezenso kwina, chikopereni pa fulashi n'kuisunga padera. Ine ndinkayesa kusunga ndiye kusakhudza.

Takondwa tsopano wayamba sukulu. Dzana, tikusenda nsawa pamphasa, anandifunsa kuti, "Amayi, atate ankayimba bwanji?" Ndinatsokomola pang'ono ngati iwo, n'kuyamba nyimbo ya Mariya ija. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandiyang'ana n'kunena kuti amenewo ndi mawu anga, iye amafuna a atate.