Masitepe apita kumaliro

Sabata ino ndakhala ngati nkhuku yofuna kuikira. Pampando sipakukhalika, ndipo ndine wokwiya.

Kuofesi kwathu kuno ku Chipata timajambula nyumba tili angapo, koma pulani yake imakhala imodzi m'kompyuta. Wina akagwira gawo, kaya denga kaya khoma, gawolo limatsekeka m'dzina lake mpaka atalimasula yekha. Cholinga n'chakuti anthu awiri asamakokerane khoma limodzi.

Tsono bwana wathu, a Banda, anagwira masitepe a sitolo yosanja ya mai Tembo a ku Nabvutika. Asanamasule, uthenga unafika kuti malume awo atisiya cha ku Mwami. Anatseka laputopu, ulendo. Masitepe anapita nawo kumaliro.

Apo n'kuti mmisiri womanga sitoloyo atafika pothira konkire ya pamwamba, akudikira kuuzidwa posiya mpata wa masitepewo. Mai Tembo anabwera okha kuofesi.

"Mwananga, mvula ili pafupi. Aimbireni chabe," anandiuza.

"Amai, munthu ali pamaliro. Ndiyambira pati?"

"Yambirani pa pepani."

Palibe amene anaimba. Mnzanga Misozi anakopera pulani yonse pambali, n'kumalizitsa masitepe pomwe anaona kuti mpabwino, kumanzere. Mmisiri anathira konkire motsatira yomweyo. A Banda pobwera anatsegula pulani yawo: masitepe ali kumanja, chifukwa kumanzereko ndi kumene kudzadutse mapaipi a madzi.

Atamva nkhani yonse anangogwira pakamwa. "Bwanji simunandiimbire? Laputopu inali m'galimoto. Ndikanamasula, n'kukuuzani za mapaipi."

Kodi si mmene timachitira ponseponse? Makiyi a holo ya tchalitchi ali m'thumba la mkulu amene wapita ku Lusaka. Kumufunsa tikuopa, ndiye tikuthyola windo mwakachetechete, ati ulemu. Ogwira makiyiwo nawonso amanyamuka osasiya mawu, ngati chinthu cha gulu ndi jekete lawo. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ife timalolera kubuula panja bola wamkulu asasokonezedwe.

Maliro ndimawalemekeza. Koma konkire yauma, mpata uli kolakwika, ndipo wina ayenera kukauza mai Tembo kuti pafunika kugumula. Ofesi yonse ikuyang'ana ine, poti ndine amene maiwo anandipempha kuti ndiimbire a Banda.

Ndikawauze chiyani mai aja? Kuti tinali ndi ulemu? Nanga ulemuwo akwera nawo bwanji kupita pamwamba?